Mwana Watentha

Amuna anga anamwalira kalekale, gitala yawo tinagulitsa, ine ndinati ndapuma. Ndiye chaka chatha alamu anga, amene ankaimba ng'oma m'bandi yawo, anafukula matepi akale m'sutikesi n'kupatsa azungu otulutsa nyimbo. Kundifunsa ayi. Mkazi wamasiye amafunsidwa ngati?

Matepiwo anajambulidwa m'nyumba mwathu ku Kafue Estates. Loweruka lililonse amuna anga akaweruka kufakitale, anzawo a mabuluku otambalala kumiyendo ankadzaza pabalaza, kuyeserera nyimbo za roko mpaka malata kunjenjemera.

Nyimbo ina ya m'matepiwo ndinaimvera m'minibasi yopita ku Lusaka. Gitala ija ndinaizindikira pomwepo, yolira ngati galu womangidwa. Kenako mawu a mkazi: "Mwana watentha! Imwe, mwana watentha!" Kondakitala n'kumagwedeza mapewa pakhomo, akuimba nawo. Ati dzina la nyimboyo ndi lomwelo. Ati azungu aja analemba kuti ndi yotamanda mtsikana wokongola.

Wokongola wa kuti! Mawuwo ndi anga, ndipo sindinkaimba. Ndinaima pakhomo la kuchipinda, mwana wanga woyamba ali kumsana, thupi lili moto, ndikupempha atate ake atiperekeze kuchipatala. Iwo anangokweza dzanja, ati timalize kaye iyi. Tepi ikuzungulirabe. Sabata isanathe tinaika maliro.

Ndinatsika panjira, mtima ukuwira, n'kubwerera kwa alamu aja.

"Ba mulamu, maliro a mwana wanga mwawasandutsa dansi?"

Anagwira pakamwa. "Mulamu, ndinaiwala kuti linali tsiku lija."

"Munaiwala! Auzeni aifufute lero lomwe."

Anavomera, koma anati ndimvere kaye mpaka kumapeto. Anandiika foni kukhutu. Ng'oma zitaleka, wina akuseka, kunamveka kachifuwa kakang'ono, kenako kamawu kosasa: "Amama."

Mwanayo sanajambulidwepo chithunzi. Nkhope yake inayamba kunditayika kale, manda ake anamera thengo. Atate ake ali ndi zithunzi pachikuto cha chimbale cha nyimbozo, tsitsi lili nyankhalala, anthu akunja akuwatcha katswiri. Zimandiwawa, sindibisa.

Ndinawauza alamu kuti asafufute. Anandiikira nyimboyo m'foni yanga, ndipo pa msinkhu wanga uno sindidziwa kudumphitsa. Choncho ndimamvera yonse, gitala yonse, kukuwa kwanga konse, kudikiranso kuti atate ake amalize kaye, mwana wanga andiitane.