Mayina a pa Chiliza cha Mayi

Anthu a mumsewu uja ankangowatchula kuti Atayipi chifukwa cha ntchito yawo yotayipa. Anayamba ntchito pa 2 Febuluwale 1998 m'kasitolo kosindikiza, ndipo kompyuta itafika sanaiope. Ankalemba makhadi a ukwati, zikwangwani, ndi mawu oti amisiri agobe pa ziliza. Chimene ankachikonda kwambiri chinali kamuvi kokhota ka pakona pa kompyutayo, kobwezera zolembedwa mmene zinalili kale. "Kameneka kamakhululuka kuposa abusa," ankatero.

Mayi amene anawalera sanali owabereka. Anali mayi awo aakulu, amene anawatenga ali khanda n'kuwayamwitsa limodzi ndi mwana wawo wamwamuna. Mayiwo atamwalira, mawu a pachiliza Atayipi analemba okha: dzina la malemu, kenako ana anayi, iwo ali achiwiri.

Pa 9 Juni achimwene awo oyamwa nawo aja anatulukira kusitolo.

"Chemwali, kadyeni, nkhope yachita kufota. Ine ndingoonako ngati simunalakwitse chaka."

"Ine kulakwitsa chaka? Akunena ndi inu, oiwala tsiku lobadwa akazi anu?"

Anaseka onse, Atayipi n'kuwasiyira mpando.

Mawa lake, poyang'ana mawu a pachiliza aja pa kompyuta kuti atumize kwa mmisiri, Atayipi anapeza mayina a ana atatu okha. Anati mwina chala cha achimwene chinaterereka, ndiye anadina kamuvi kaja. Dzina lawo linabwereradi, koma lili pansi penipeni, m'tizilembo tating'ono, pambali pake pali mawu akuti "woleredwa". Anadinanso, mawuwo anachoka. Anadinanso, zilembo zinakula. Kenako dzina linakwera pamalo pake.

Chala choterereka sichiyenda chonchi. Munthuyo anakhazikika pampando, kuyesa, kuyang'ana, kuyesanso, mpaka kufufutiratu.

Anawaimbira foni.

"Achimwene, bwanji osangondiuza pamaso?"

Mawu anabwera chapansipansi. "Mwala ndi waung'ono, chemwali. Komanso enawa akuti palembedwe a m'mimba mwawo okha."

"Bere lija linatikwanira awiri. Lero mwala wachepa?"

"Musatero, inu. Ngati zakuwawani bwezeretsani, si makinawo mumawadziwa?"

Ankawadziwadi. Dzina lawo linali pomwepo, lachiwiri, m'zilembo zazikulu. Analiyang'ana kanthawi, kenako anadina kamuvi kopita kutsogolo, dzinalo likutsika, likuchepa, mpaka linazimirira. Mmisiri analandira mayina atatu.

Pa 27 Julayi, tsiku loimika chilizacho, Atayipi anatsegula sitolo monga masiku onse.