Ndodo ya achimwene inatsala pakhomo

Moni nonse. Ndikulemba tikadali kuno ku boma, ndipo ndakwiya.

Mukudziwa kuti achimwene a Yohane anabwera ndi chipolopolo m'ntchafu kuchokera ku nkhondo ya ku Bama, ndipo chaka chatha anawamana penshoni ya asilikali olumala. Lero linali tsiku la apilo. Tinanyamuka ku Mtakataka dzana, iwo akutsimphina, ndipo pokwera phiri ndinachita kuwabereka.

Titafika pakhomo la ofesi, anandipatsira ndodo yawo. Ndinati, "Achimwene, lowani nayo, aione." Iwo anati, "Iwe, msilikali salowa kwa bwana ndi ndodo ngati nkhalamba."

Anakonza mamendulo pachifuwa, n'kulowa akuguba. Anamenyetsa pansi mwendo wodwala womwewo, phaa! Sawatcha!

Mzungu wa mu ofesimo anamwetulira, n'kufunsa kudzera mwa womasulira kuti tabwera pa chiyani. Achimwene anayankha monyada, "Wapansi, bwana!"

Mzunguyo analemba mizere iwiri yokha. Womasulira anati, "Bwana akuti munthu wokwera phiri wapansi n'kuguba chonchi ndi wabwinobwino. Akuti pitirizani."

Titangotuluka, anandigwera m'manja. Pano ali chigonere kwa amalume, mwendo watupa ngati mtondo, koma aliyense wobwera kudzawazonda akumuuza kuti mzungu wayamikira kagubidwe kawo.

Penshoni awamananso, koma ku ofesi akuti tikhoza kuchitanso apilo. Ndiye abale, mukuti bwanji? Tidzawamangirire pa machila mpaka m'kati mwa ofesi, kapena achimwene adzatsale pakhomo, ilowe ndodoyo?