Kupatukirana Pamsewu wa Mabomba

Msuweni wanga wa ku Malawi atabwera kudzationa mwezi watha, anatisirira. "Inu a kuno mumamva kukoma," anatero. "Misewu yonseyi yopanda galimoto! Kwathu ukakwera njinga, lole imakumwetsa fumbi, minibasi n'kukukankhira m'ngalande. Kuno munthu ungapalase ukuimba nyimbo."

Ndinangoseka, poti mlendo sumutsutsa tsiku lomwe wafika. Koma zimene ndaona Lachiwiri lapitali zandipatsa yankho, ndipo ndimuyankhira pompano, inu mukumva.

Tsikulo ndinanyamuka kwathu ku Insaca kupita cha ku Amaramba kukaona mlongo wanga amene wabereka kumene mwana wamkazi. Ndinamanga mchere ndi sopo pakaliyala. Msewu waukulu, umene ochotsa mabomba anausesa, ndi wozungulira kwambiri, ndiye ndinati ndidutse wakale wa m'mapiri, umene ogulitsa nsomba amadzera. Mayi a kunyumba anandigwira chishalo ndisanakwere.

"Abambo ake a Roza, mzere. Mwamva? Ngakhale mkodzo ukugwireni, mukodzere pamzere pomwepo."

Amene simunaudutsepo msewuwu, imani ndikuuzeni. Kale unali wotakata, malole awiri ankapatukirana bwinobwino. Chiyambire nkhondo, palibe tayala la galimoto limene lapondapo. Udzu unaumeza wonse, n'kusiya kamzere kamodzi pakati, kofiira, kosalala, kongokwana munthu mmodzi. Kamzereka anakapanga ndi anthu oyamba kubwerera kuchokera kothawa. Pamene wina anaponda n'kukhalabe moyo, mnzake ankaponda pomwepo. M'mbali mwake, muudzumo, muli mina, mabomba aja okwirira pansi. Mwina pena mulibe. Koma angakuuzeni ndani?

Kunena za kukongola, msuweni sananame. Mapiri a miyala yakuda aima uku ndi uku. Mphepo yake ndi yozizira bwino. Kuli zii, umangomva tcheni chako ndi njiwa. M'mabwinja mitengo ya mango yabereka mochita kuthyoka nthambi, mango ali mbwee pansi, pafupi moti ungawatole ndi ndodo, koma akuwolera pomwepo. Ine zonsezo ndinkangoziona mozemba, maso ali patayala lakutsogolo.

Nditafika pamwamba pa chitunda, njinga inayamba kutsetsereka yokha. Njinga yanga ndinabwera nayo kuchokera kukampu ya othawa nkhondo, ndipo mabuleki ake amagwira akafuna. Ndikukhota pathanthwe lina, ndinangoona dengu lalikulu kutsogolo kwanga, ndi munthu akukankha njinga kukwera chitundacho.

Mayo ine! Ndinafinya mabuleki, anangolira kwiii. Ndinakanikiza chidendene patayala lakumbuyo mpaka patapata ananunkha. Njinga inavina, inavina, n'kuima tayala langa litatsala pang'ono kugunda lake.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" anatero munthuyo, ngati takumana pamsika.

Anali wamkulu pang'ono kwa ine, woonda, malaya ong'ambika paphewa, thukuta lili chuchuchu. M'dengumo munali milamba yowamba, ndipo dengulo linatulukira uku ndi uku kupitirira mzere.

Tsono pamsewu umenewu palibe wopatukira mnzake. Anthu akakumana, onse amatsika. Wa njinga yopepuka amaisenza pamutu, wa katundu amapendeketsa yake matayala ali pamzere, kenako amadutsana chammbali, mimba kukhudzana, wina atagwira mnzake lamba kuti asagwere muudzu. Ndinkazimva zimenezi, koma ndinali ndisanazichitepo. Maulendo ena ndinkadutsa m'gulu, tonse kulowera kumodzi.

Ndinayang'ana kumanja. Panali kamalo koyera, kaudzu kafupifupi, pamthunzi wa mtengo.

"Akulu, apa pakuoneka pabwino. Ndingoima apa inu mudutse."

Phazi ndinali nditalinyamula kale.

"Bwezani mwendowo!"

Anakuwa mpaka phiri linayankha. Ndinaubweza msangamsanga ngati ndaponda moto.

"Pamthunzi potero ndi pamene munthu wotopa amafuna kupumira," anatero, mawu atatsika. "Ife tinkakwirira malo oterowo."

"Inu ndi ndani, akulu?"

Sanabise nkhope. "Ndinali nawo ankhondo aja m'tchire muno. Ananditenga kumunda ndikupalira, n'kundipatsa kakhasu. Ndakwirirapo zambiri pamsewu uno, achimwene."

Ndinaloza udzuwo. "Ndiye mukudziwa pamene zili."

"Ndikanadziwa bwenzi nditazifukula kalekale, ngakhale ndi mano. Tinkakwirira tikuthamanga. Mvula inabwera n'kusuntha dothi, mitengo inakula, malo anasintha. Ndimadutsa pano ndi mantha omwe muli nawo inuwo."

Abale anga, mlamu wanga, mwamuna wa mlongo amene ndinkapita kukamuonayo, ali ndi mwendo umodzi. Winawo unatsala pamsewu womwewu chaka chimene tinabwerera, akubweza mbuzi imene inalowa muudzu. Ndinayang'ana manja a munthu uja atagwira handulo. Zala zakuda ndi utsi wa nsomba, zikhadabo zothyokathyoka. Ndinakwiya, inde, koma mantha anaposa mkwiyo. Manja amenewo ndi amene ndimayenera kuwapatsa lamba wanga.

Ndikanatha kubwerera. Koma ndiye kuti mtunda wonsewo ndikanayenda iye ali kumsana kwanga, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa.

"Senzani njinga," anatero.

Ndinaisenza. Iye anapendeketsa yake kumanzere kwanga, dengu lili lendee pamwamba pa udzu, n'kuichirikiza ndi ntchafu. Dzanja linalo analowetsa palamba wanga. Ndinamva zala zake pamimba.

"Khwekhwerezani mapazi. Musawanyamule. Musayang'ane pansi, yang'anani ine."

Ndinamuyang'ana. Tinayandikana moti ndinamva fungo la fodya m'kamwa mwake. Nditafika padengu, mpata unatha. Ndinachita kupendekera chagada, njinga ili pamutu, msana uli pamwamba pa kamalo koyera kaja. Zala za kuphazi zokha ndi zimene zinali pamzere. Akanangotsegula dzanja, kapena lambayo akanaduka, poti ndi wakale wa pakaunjika, bwenzi lero mukuwerenga za maliro anga. Ndinamva kathumba ka mchere kakusuntha pakaliyala, ndipo ndinapemphera pemphero losamveka mutu wake.

Anandikoka ndi mphamvu. Ndinapezeka ndili kuseri kwa dengu, mapazi onse awiri pamzere.

Ndinatsitsa njinga n'kukhala pansi pomwepo, pakati pa msewu. Iye anapukuta nkhope ndi malaya.

"Ulendo wa kuti?"

"Kukaona mlongo wanga. Wabereka."

"Zabwino zimenezo." Anapisa dzanja m'dengu n'kusolola mlamba umodzi waukulu. "Mukampatse mayi wa khandayo, amwe msuzi, mkaka utuluke."

Za mwendo wa mlamu sindinamuuze. Dzina lake sindinafunse. Ndinalandira nsombayo ndi manja awiri monga anatiphunzitsira makolo, iye n'kupitiriza kukankha njinga yake.

Akuluakulu anati choipa chitsata mwini. Pamsewu uwu mwambiwo wagwa nayo. Bomba silidziwa mwini. Wolikwirira akudutsa pamenepo mlungu ndi mlungu ndi dengu lake, mtima uli m'mwamba, ndipo limene analikwirira likudikira aliyense: iye, ine, mbuzi, mayi wopita kuchigayo.

Timanena kuti mtendere unabwera, ndipo unabweradi. Tinachoka m'makampu, tamanga nyumba, tikulima, kumalire ku Entre Lagos malonda akuyenda. Mfuti sitikuzimvanso. Koma taonani mmene timayendera. Mlimi amalima mpaka pamene analekezera chaka chatha, osapitirira. Amayi amatola nkhuni pamalo omwe aja, mpaka atha zitsa zomwe, nkhalango ili poteropo. Munthu wa kuno ngakhale umuike pabwalo la mpira amayenda motsata mapazi a mnzake. Ndinadziona ndekha dzulo pamsika wa Insaca ndikutsatira kamzere ka njinga pamalo poti ana amasewerapo tsiku lonse.

Sindikunyoza ochotsa mabomba. Ntchito yawo ndi yogwada tsiku lonse imfa ili pamphuno, ndipo kumene anadutsa tikuyenda momasuka. Koma akuluakulu amene amabwera pagalimoto kudzera msewu wosesedwa, n'kutiuza pamsonkhano kuti dera lonse lili bwino, ndikuwapempha chinthu chimodzi. Tsiku lina asiye galimoto ku Insaca, ndiwabwereke njinga yanga. Akakumane ndi dengu pachitunda paja. Akabwerako tidzakambirane kuti misewu ya m'mapiri idzasesedwa liti.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ana. Ife akuluakulu tinamvapo kulira kwa mina, tinanyamulapo anthu pamachira. Mantha athu ndi amene akutisunga. Nanga obadwira kukampu, ndi amene akubadwa panowa? Iwo aona udzu ndi mango basi. Mnyamata amene wagula njinga yake yoyamba, magazi akuwira, adzavomera kutsika n'kugwirana lamba ndi mdala wonunkha nsomba? Adzangoimba belu n'kulambalala muudzu. Tsiku loyamba adzadutsa. Lachiwirinso mwina adzadutsa.

Ndinafika kwa mlongo wanga dzuwa litapendeka. Khandalo ndi lonenepa, lili ndi mphuno ya malemu amayi. Ndinalinyamula n'kukhala nalo pamphasa. Kuseri kwa nyumba yawo, kutsidya kwa kamtsinje, kuli mtengo wa mango umene palibe amaufika. Mwanayo adzakwawa, adzaima, adzayenda. Tsiku lina adzauona.

Mlamba uja anauphika tsiku lomwelo. Mlongo anamwa msuzi, mlamu anatsamiritsa ndodo zake pakhoma n'kukhala pamphasa, mwendo wake umodziwo atautambasula. Anadya mutu wa nsombayo mpaka kuyamwa mafupa.

"Koma nsomba iyi ndiye yawambidwa bwino, alamu. Mwagula kwa ndani?"

"Munthu wina panjira," ndinatero.

"Mukadzakumana nayenso mudzamuthokoze."

Ndinavomera ndi mutu. Pobwerera ndinadzera msewu waukulu, wozungulirawo, malole akundimwetsa fumbi, ine ndikuthokoza Mulungu pa lole iliyonse.

Ndiye msuweni, misewu yopanda galimoto tili nayodi, ubwere ndi njinga yako udzaimbe nyimbo. Koma inu owerenga, amene mukudziwa chimene chinathamangitsa magalimotowo, ndiuzeni. Mukanakhala inu pamphasa paja, mlamu wanu akuyamwa mafupa, mukanamuuza kuti nsombayo yachokera m'manja a ndani?