Mwana wa Esnart Anafika Lachinayi

Ntchito yanga yoyamba ku Dublin ndinaipeza kudzera mwa a Banda, bambo a ku Zambia amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Iwo ankayendetsa vani yoperekera masamba m'malesitilanti. Atamva kuti chilolezo changa chogwirira ntchito chatuluka, anandiitanira pambali titaweruka ku mapemphero.

"Amake Yankho, ku Drumcondra kuli amayi ena a ku Vietnam, afuna munthu wa mu khitchini. Ni okalipa, koma si oipa mtima. Muzakwanisa?"

Ndinati ndikwanitsa, ngakhale sindinkadziwa n'komwe kuti anthu a ku Vietnam amadya chiyani.

Malowo anali aang'ono, matebulo owerengeka, opanikizika pakati pa shopu yometera ndi ina yokonzera mafoni. Eni ake anali Mayi Lan, mzimayi wamfupi wa imvi, ndipo mwana wawo Kim ndi amene ankalandira makasitomala. Chakudya chenicheni chinali chimodzi, supu wotchedwa pho: msuzi wa mafupa a ng'ombe, manudozi a ufa wa mpunga, aataliatali ngati sipageti, nyama yodula mopyapyala, ndi masamba onunkhira pa kambale kapadera. Mayi Lan sanandifunse za sukulu. Anayang'ana zikhadabo zanga, kenako anandipatsa mpeni ndi anyezi. Ndinadula monga timadulira kwathu. Anatola kachidutswa kamodzi n'kukakweza cha ku getsi.

"Ndikufuna kuwala kuzioneka mbali inayi. Dulanso."

Nditadulanso anandiponyera apuloni.

Miyezi yoyamba ndinali wa ku sinki ndi wa mafupa. M'mawa ndinkatulutsa mafupa mu firiji, kuwawiritsa kanthawi kochepa, kutaya madzi oyambawo, kenako kutsuka fupa lililonse pa mpopi mpaka magazi oundana atachoka. Anyezi ndi jinja tinkaziwotcha pa moto wa gasi ndi makoko omwe mpaka zide, n'kuzipala ndi mpeni. Sinamoni ndi tizokometsera tina tooneka ngati nyenyezi tinkatikazinga pa pani youma n'kutimanga m'kansalu. Zonsezi zinkalowa m'poto wamkulu wondifika m'chiuno. Poto ameneyu anali ndi lamulo lake: asabwadamuke. Ankayenera kumangotutuma pang'onopang'ono tsiku lonse, ine n'kumayengula thovu ndi sefa. Msuzi ukachita mbuu, Mayi Lan ankati wafa. Mchere, shuga ndi msuzi wa nsomba wa m'botolo, wonunkha ngati usipa wonyowa ndi mvula, ankathira okha. Palibe wina ankaloledwa.

Patapita nthawi anandisunthira pa manudozi, ndipo ndinanyadira ngati ndapatsidwa ofesi. Manudozi amanyikidwa kale m'madzi ozizira. Oda ikabwera umatapa dzanja limodzi, kuika m'kadengu ka waya, kuviika m'madzi owira, kugwedeza pang'ono n'kuvuula. Ukachedwa amasanduka phala. Umawakhuthulira m'mbale yotenthetsa kale, kuyala nyama yaiwisi pamwamba, ndipo Mayi Lan amathira msuzi wotentha ndi chipande. Msuziwo ndi umene umapsetsa nyama, mbale ili pa ulendo wopita ku tebulo.

Chimene chinkandivuta si kutentha kwa m'khitchini kapena msana. Chinali chakudya chamasana. Makasitomala akachepa, Mayi Lan, Kim ndi kamtsikana ka Kim kochokera ku sukulu ankakhala pa tebulo la pafupi ndi khomo la khitchini n'kumadya pamodzi, akukangana m'chilankhulo chawo. Ankandiitana, koma ndinkakana. Ndinkadyera chiimire kuseri kwa firiji. Sindinkafuna kuona agogo, mayi ndi mwana akulandirana ndimu pa tebulo limodzi, pamene Yankho wanga anali ku Zomba ndi achemwali anga, ndipo ndinkamuona pa foni pokha.

Munthu mmodzi amene ankamvetsa zimenezi anali Esnart. Tinakhalapo chipinda chimodzi ku hositelo ya anthu opempha chitetezo. Iye anafika ine nditakhalako kale. Ndine ndinamusonyeza pokwerera basi, pogula ufa, ndi mmene amavalira m'nyengo yozizira. Nayenso anasiya mtsikana kwawo ku Ndirande, Takondwa, msinkhu umodzi ndi Yankho. Tinkaitanana ndi maina a ana athu, amake Takondwa, amake Yankho, kuti mainawo azimveka m'chipindamo. Koma nkhani yake yopempha chitetezo inatha msanga kuposa yanga. Mapepala ake anatuluka, anapeza nyumba ku Ballymun, ine n'kutsala. Ndinamuthandiza kunyamula zikwama ndikumwetulira. Kuyambira pamenepo mafoni ake anayamba kufupika, ndipo ndikafunsa za Takondwa ankangoti ali bwino.

Tsiku limene linandivuta kwambiri linali Loweruka, kuli mpira waukulu ku Croke Park. Masiku oterowo msewu wonse umadzaza anthu ovala majezi, ndipo onse amafuna kudya nthawi imodzi asanalowe m'bwalo. Matebulo onse anali odzaza, ena ataima pakhomo. Kim anali yekha kutsogolo, akuthamanga. Ine ndinali pa manudozi, nthunzi ili kumaso, dzanja likuyenda lokha. Kenako Mayi Lan anaika mbale ziwiri pa thireyi.

"Kim sakukwanitsa. Pititsa izi pa tebulo la pakona, ubwere msanga."

Ndisanafike pakonapo ndinamva mawu a mwana, Chichewa choyera cha kwathu, chopanda kachizungu kamene ana a kuno amasakaniza.

"Amayi, timitengo iti n'tachiyani?"

Pa tebulopo panali Esnart. Pambali pake panali mtsikana wovala jekete lalikulu lomupitirira manja, tsitsi lake lolukidwa mizere yopita kumbuyo, akutembenuza timitengo todyera. Nkhope yake ndinkaidziwa bwino. Ndinkaiona tsiku ndi tsiku pa chithunzi chimene chinali pa khoma la chipinda chathu chija.

Ndinatsitsa thireyi osataya ngakhale dontho. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinatha bwanji.

"Amake Yankho," anatero Esnart akuimirira. "Anafika Lachinayi. Ndimalephera kukuuzani pa foni, ndiye ndinati bola tingobwera. Takondwa, pereka moni kwa anti."

Mwanayo anapinda maondo pang'ono n'kundipatsa dzanja, lina litagwira pa mkono. "Muli bwanji anti?"

Ndinayankha. Ndinati zikomo Ambuye. Ndinafunsa kuti anakamutenga ndani mwanayo ku eyapoti, chifukwa pakamwa panga pankafuna chonena.

"A Banda, ndi vani yawo."

Choncho a Banda ankadziwa. Azimayi a ku tchalitchi ankadziwa. Chilolezo chobweretsera mwana kuno sichituluka dzulo n'kukwera ndege lero. Zinatenga miyezi, ndipo miyezi yonseyo anthu ankandipatsa moni Lamlungu lililonse atatseka pakamwa, ngati mmene amachitira ndi wodwala.

Ndinabwerera pa manudozi, koma maso anga sanabwerere. Kazenera kotulutsira chakudya kanali moyang'anizana ndi pakona paja. Ndinaona Esnart akuuzira supu pa supuni. Ndinamuona akupinda manja a jekete lija, akuchotsa kanthu pa tsaya la mwana. Tinthu tating'ono timene mayi amachita osaganiza n'komwe. Ndinkadzifunsa kuti iyeyu anachita chiyani chimene ine sindinachite. Anabwera pambuyo panga. Nkhani yake sinali yolemera kuposa yanga. Sindinamufunire choipa, koma ndinkafuna chimene anali nacho, ndipo ndinkafuna kuti chikanayamba kubwera kwa ine.

Kadengu kanali m'madzi nthawi yonseyi. Ndinakavuula mochedwa, ndinakhuthula, ndinaviika kena, nakonso ndinakaiwala. Mbale zinayamba kubwerera. Bambo wina wa jezi yobiriwira anafika yekha pa kazenera, osakwiya kwenikweni, n'kunena kuti, "Pepani, koma ichi n'chiphala." Mayi Lan anatola nudozi imodzi n'kuifinya ndi zala. Inaphwanyika.

"Choka apa. Pita ku sinki."

Anayamba kugwira okha malo onse awiri, chipande dzanja ili, kadengu dzanja linalo. Ine ndinatsuka mbale nditafulatira, manyazi ndi nsanje zitasakanikirana moti sindinkadziwa chimene chikundiliza.

Mpira utayamba, msewu unati zii, lesitilanti n'kutsala yopanda anthu. Pakona pokha ndi pamene panali anthu. Esnart sanachoke. Mayi Lan anasuzumira pa kazenera, kenako anayang'ana ine.

"Mchemwali wako?"

"Mnzanga."

"Mwanayo?"

"Wangofika kumene kuchokera kwathu."

"Nanga wako?"

"Akadali komweko."

Mayi Lan anatembenukira ku poto. Anatenthetsa mbale, anaviika manudozi, anayala nyama, anathira msuzi.

"Vula apuloni. Kadyere kutsogolo."

Ndinati sindikumva njala.

"Sindinakufunse za njala. Supu akuzizira."

Ndinanyamula mbale yanga n'kukakhala moyang'anizana ndi Esnart. Aka kanali koyamba kukhala pa mpando m'malo amenewo. Mbale ya Takondwa inali yodzaza ndithu, itazizira.

"Sanadye," anatero Esnart. "Akuti ndi ndiwo zokhazokha."

Ndinatenga kambale kena n'kumugawira wanga wotentha. Ndinamuonetsa mmene Mayi Lan amadyera: uyambe walawa msuzi wokha usanathire kanthu, kenako ufinyire ndimu, ubudule masamba ndi zala, uponyemo mphukira za nyemba kuti zizikukutika, tsabola pang'ono ngati umatha. Timitengo tinamukanika, ndiye ndinamupatsa foloko. Analawa, anakwinya nkhope, analawanso. Inenso ndinamwa. Msuzi umene ndinkauyengula thovu tsiku ndi tsiku unali wokoma kuposa mmene ndinkaudziwira kuseri kwa firiji: unayamba ndi kutsekemera kwa anyezi wowotcha, kenako mafuta a fupa, jinja n'kutsalira pakhosi. Zinandikwiyitsa kuti ukukoma pa tsiku ngati limenelo.

"Amayi amati muli ndi mwana ngati ine," anatero Takondwa. "Abwera liti?"

"Sindikudziwa, mwanawe."

Esnart anaweramitsa mutu. "Ndinalakwa kukubisirani. Ndinkaopa kuti zikupwetekani."

"Zandipweteka ndithu," ndinatero. "Ndikukuchitirani nsanje, amake Takondwa. Sindinama."

"Ndikudziwa. Akanayamba kubwera Yankho, inenso bwenzi zili choncho."

Sitinakumbatirane. Tinangomaliza kudya, iye akutola manudozi amene mwana ankagwetsa pa tebulo, ine ndikuyang'ana m'mbale mwanga. Atanyamuka ndinatolera mbale zonse zitatu n'kukazitsuka.

Ndinakhala ku sinki masabata angapo Mayi Lan asanandibwezere pa manudozi, ndipo za tsiku lija sanazitchulenso. Nsanje nayo sinathe msanga. Esnart ankandiitana ku Ballymun, ine n'kumapeza zifukwa. Ku tchalitchi ndinkakhala kutsogolo kuti ndisamaone mitu yawo iwiri itagundana. Iye sanasiye kuitana, ndipo tsiku lina ndinapita, n'kukamuluka Takondwa tsitsi chifukwa mayi ake sanadziwepo kuluka.

Yankho anabwera patapita zaka, atatalika kundiposa. Nthawi imeneyo n'kuti nditasiya za m'khitchini, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Tsiku limene chilolezo chake chinatuluka, ndisanauze a ku tchalitchi, ndinaimbira mayi wina wa ku hositelo kuja amene ana ake awiri anali akadali ku Mzuzu.

"Amake Wongani, ndafuna mumve kwa ine, musamve kwa anthu. Yankho akubwera."

Sindinaonjezere mawu akuti nanunso zichitika, chifukwa sindinkadziwa ngati zichitika. Kenako anati, "Chabwino, zikomo pondiuza," n'kudula foni.

Sanandiimbirenso mwezi wonsewo, ndipo sindinamudandaule. Ndi chimene ndinatenga ku Drumcondra kuja, kuposa kadulidwe ka anyezi: mwayi wako ukabwera mnzako akudikirabe, umuuze msanga, wekha, pa malo poti angathe kulira, ndipo usamukakamize kusangalala nawe tsiku lomwelo.