Kaseti Imene Ndinayanika ku Balani

Kasetiyo inali yakuda, yokhala ndi kapepala koyera kamene malume analembapo mayina a nyimbo zisanu ndi imodzi. Ankaisunga m'chitini chopanda chivundikiro, pamwamba pa khoma la nyumba yathu ya m'komboni, pa purazi, esiteti ya fodya, kufupi ndi Centenary ku Zimbabwe. Inalipo imodzi yokhayo padziko lonse lapansi.

Malume anali woyendetsa thirakitala, koma Loweruka masana ankasanduka munthu wina. Iwo ndi anzawo atatu anali ndi bandi ya roko, nyimbo zija za magitala olira mokalipa. Zida zinali za mwini purazi, zokhala ku holo ya antchito. Akayamba, malata a holoyo ankanjenjemera, agalu n'kuthawira kumunda. Amayi ankati, "Achimwene, mudzatigonthetsa m'kutu," koma ndinkawaona akugwedeza mutu uku akuchapa. Ankaimba m'Chichewa, za kwathu ku Malawi kumene sanapondeko n'kamodzi komwe.

Anadikira zaka zinayi kuti akajambule ku Harare. Atabwera nayo kasetiyo, aphunzitsi athu anaimvera kawiri, n'kunena kuti ali ndi mnzawo ku wailesi, ndipo sukulu ikatsekera adzapita nayo okha. Komboni yonse inayamba kuwatchula malume kuti "a ku wailesi". Ine ndinkayenda monyada ngati gitalayo ndinkaliza ndine.

Kenako inabwera mvula ya mu Januwale, nthawi yowotcha fodya, ndipo denga lathu linkadontha. Aliyense wokulira pa purazi amadziwa kuti chinthu chikanyowa umapita nacho ku balani, nyumba yowotcheramo fodya, kumene moto suzima. Yunifomu, makope, machesi, nsapato, zonse tinkayanika pafupi ndi ng'anjo. Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinapeza chitini chija chadzaza madzi. Akuluakulu onse anali kumunda. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkadziona wanzeru kuposa ana onse a m'komboni. Ndinathamanga nayo kasetiyo n'kukaiika pa chitsulo cha ng'anjo, pamene makope anga ankauma msanga.

Fungo lake ndimalimvabe, pulasitiki yopsa yosakanikirana ndi fodya wotsekemera. Pobwerera ndinaipeza itapindika ngati tsamba louma, ulusi wa m'kati utamatirirana.

Ndinayembekezera chikwapu. Bola akanandikwapula. Malume anaitembenuzatembenuza m'manja, n'kukhala pansi pamatope pomwepo.

"Hazvina mhosva, muzukuru, palibe mlandu, mphwanga," anatero mosakaniza ndi Chishona. "Tidzajambulanso fodya akatha."

Ndinakhulupirira, mtima n'kukhala m'malo. Mwana ndi mwana basi. Masabata omwewo anthu achilendo anayamba kukhoma zikhomo m'minda pogawana malo a puraziyo, ndipo azimayi ku mjigo ankalankhula motsitsa mawu. Mwini purazi anakweza magitala ndi ng'oma pa lole limodzi ndi mipando yake, n'kuchoka. Woimba ng'oma anapita kokumba golide, osabweranso. Wa gitala yaikulu, amene ankatsokomola kale, tinamuika m'manda dzinja lisanabwerenso. Wachitatu anawoloka kupita ku Mozambique. Ife a zitupa zolembedwa kuti ndife alendo tinalibe mudzi wothawirako, choncho tinangotsala m'komboni.

Malume anamwalira akugulitsa nkhuni m'mbali mwa msewu, gitala osaigwiranso. Masiku ano pa foni mumapezeka nyimbo za mabandi osadziwika n'komwe, ngakhale oimba moipa anasiya kenakake. Malume sanasiye kalikonse. Ine ndimakumbukira theka la nyimbo imodzi, ndipo mawu ena ndikukayika ngati ndi awo kapena ndinadzipangira ndekha. Zimandipweteka, ndipo kukula sikunachepetse ululuwo.

Koma chaka chimene kasetiyo inapsa, ine ndinkangoona kuti mabelo omaliza a fodya akwera lole. Ndinkawatsatira malume paliponse, kudimba, ku mjigo, pakhomo pa holo yotsekedwa.

"Malume, fodya watha. Mupita liti ku Harare?"

Iwo ankangondisisita pamutu. Sindinkamvetsa chifukwa chake amayi ankanditsina ndikafunsa choncho, ngakhalenso chifukwa chake chaka chimenecho palibe amene anafesa nazale ya fodya.