Ine Anandipatsa Matewera

Mng'ono wanga anakhala pabanja zaka zambiri osaona mwana. Mlamu wake atamwalira ku Benga n'kusiya khanda la miyezi inayi, iye ndi mwamuna wake analitenga kuti likhale lawo, mpaka kukhoti anafika. Ine ndinasiya mpunga wanga ku Bua uli pafupi kucha, n'kupita kukamuthandiza. Ndabereka asanu ine. Iye ngakhale kubereka mwana kumbuyo kunkamuvuta, chitenje chinkangotsetsereka.

Kamtsikanako kankalira kosalekeza. Mng'ono wanga akakanyamula kankauma gwa, nkhope kumbali. Ndikakatenga ine kankangoti zii, kukamwa kuli paphewa panga. Sindibisa, zinkandikoma. Amayi opita kumadzi ankati mwanayu wadziwa mwini wake, ine osatsutsa.

Tsiku la sikelo ndinakabereka ndine. Mlangizi wa zaumoyo, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, anafunsa kuti mayi wa mwana ndani. Mng'ono wanga anakweza dzanja mwamanyazi.

"Nanga bwanji ali kumsana kwa ena?"

"Kwa ine amalira," anayankha.

"Azilira pomwepo mpaka adziwe kuti akalira mumabwera ndinu. Mwanayu wataya kale msana umodzi. Mukamapatsirana ngati mtondo wobwereka, sadzadziwa woti amudalire." Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu amayi, ngati mwabwera kudzathandiza, thandizani mng'ono wanuyu. Mwana musiyireni."

Ndinapsa mtima. Kwathu khanda limayenda msana ndi msana, aliyense wofika amalinyamula, ndipo tonse tinakula choncho. Koma mwamuna wa mng'ono wanga anagwirizana ndi mlangiziyo, ndiye ine anandipatsa matewera. Ndinkachapa, kutunga madzi, kuviika chinangwa, kuwiritsa kapu ya mkaka, uku m'nyumba mwana akulira, manja anga akuyabwa. Ndinkangolangiza ndili pakhomo kuti tsitsa mawu, usamugwedeze ngati ukupeta, muyang'ane m'maso. Nzeru zanga, koma womwetuliridwa wina. Nsanje inkandidya.

Masana ena mng'ono wanga anatuluka misozi ili mbwembwembwe, mwana akuphupha m'manja.

"Achemwali, mutengeni. Ndalephera. Sandifuna."

Manja anga anali atatambasuka kale. Ndinkadziwa kuti ndikamutenga atonthola pomwepo, ndipo akhala wanga. Ndinkamufunadi. Ndinamutenga, n'kumuika kumsana kwa mng'ono wanga, ndi kumanga mfundo mwaukali mpaka iye anabuula.

"Yenda," ndinatero. "Ine ndili pambuyo pako."

Tinazungulira mtengo wa mango, dzanja langa lili pamsana pa mwana, mpaka anagona tsaya lili pakhosi pa mng'ono wanga.

Mpunga wanga unadyedwa ndi mbalame chaka chimenecho. Ndinapita kwathu, ndipo nditabweranso kwa mng'ono wanga, mwana anali atayamba kukwawa. Tili pabwalo, nkhuku ya anapiye inamuthamangira, iye n'kukuwa. Wapafupi ndinali ine. Ndinagwada, manja tambasu. Anandidutsa ngati chitsa, n'kukwawira kwa mng'ono wanga amene ankatsuka mbale patali. Atamugwira mwendo anatonthola, kenako anabwerera kukaona anapiye aja.

"Achemwali, mwaona?"

"Ndaona," ndinatero, ndikusasa fumbi m'maondo.

Pano amapita kumadrasa. Ndikafika amagwada, kundipatsa moni mwaulemu kuti amayi aakulu mwayenda bwanji, n'kuthamanga kukauza mayi ake kuti kwabwera alendo.