Dothi Lozirira Nyumba

Tsiku limene fodya wanga anabwezedwa ku okushoni, ndinauza mkazi wanga NyaMoyo kuti basi, ine ndikupita ku Joni. Anali ndi pakati. Dimba lathu la kudambo, kuseri kwa Edingeni, ndinasiyira mkulu wanga Chawanangwa kuti aziliyang'anira.

Ku Joni ndinakathera m'migodi yakale, momwe anthu amakumba golide mozemba. Kumeneko munthu amabayidwa chifukwa cha thumba la miyala, anzake n'kumudumpha. Mnzanga wa ku Mozambiki anamuphwanya mutu ndi hamala ine ndikuona, ndipo ndinasowa womuuza. Pafoni ndinkangoti ndili bwino, ndalama ndatumiza. Koma chimene chinkandiopsa kuposa mipeni ndi mekyule, mankhwala onyezimira ogwirira golide. Amene ankawotcha mankhwalawo, manja awo ankanjenjemera, mano kugwedera, dovu osaleka.

Mwana wathu Tiwonge ndinkangomudziwira pazithunzi. Tsiku lina NyaMoyo anandiimbira foni akulira, akundiitana monga bambo wa mwanayo. “Awiske Tiwonge, mwana wasiya kuyenda. Akungokwawa, akunjenjemera, dovu chuchuchu. Kuchipatala akuti mwina wadya chiphe.”

Ndinakwera basi mtima uli m'mwamba. Nditafika ndinangoponya chikwama pakhonde, chifukwa panjira ndinali nditamva kale kuti kudambo kwapezeka golide. Dimba langa ndinalisowa. Panali maenje okhaokha, madzi otuwa, anthu akusefa matope m'mabeseni. Chawanangwa anali pakati pawo, kabotolo ka mekyule kali m'manja.

“Akulu, dimba langa ndi ili?”

“Ndabwereketsa waka,” anatero. “Iwe unathawa. Ise mbwenu tife ndi njala, tikulondera mpiru wako?”

Ndinaona mdima. Ndinatola mpini wa piki n'kumumenya nawo pakamwa, mano n'kugwera m'matope. Ndinamukhalira pamsana, kumumiza nkhope m'madzi akewo kuti alawe. Sindibisa, ndinkafuna kumupha. Kenaka okumbawo anandigwera ndi mafosholo. Sanali alendo ayi, anali asuweni anga, anthu amene ndinkaweta nawo ng'ombe. Anandithyola dzanja, n'kundiponda nthiti mpaka ndinalavula magazi. Anakanditula kunyumba pangolo ngati thumba la chimanga.

Atandigoneka, tsaya langa linagunda pansi. Pansipo panali posalala, potuwa, pozizira. Mtundu umenewo ndinkaudziwa bwino kuchokera kumigodi ya ku Joni, komwe tinkagwira golide ndi mekyule.

“NyaMoyo, dothi lozirira nyumbali mumatapa kuti?”

“Kumaenje komweko, pomwe amatayira zosefasefa,” anayankha akundipukuta magazi. “Azimayi tonse timatapa kumeneko. N'losalala chomene, siling'aluka. Dzulo ndinazira kawiri, poti ndinamva kuti mukubwera.”

Tiwonge anali pakona. Ankakanda pansi ndi tizikhadabo take, n'kumaika zala m'kamwa, maso ali pa ine, mlendo wamagazi amene wagona m'nyumba ya amayi ake.

Ndinadzuka nthiti zikubaya, ndinamunyamula ndi dzanja labwinolo n'kukamukhazika panja pamphasa. Ndinatenga khasu ndi kuyamba kugumula pansi pa nyumba yanga yomwe. Dzanja limodzi silikumba, koma ndinakumba. NyaMoyo anagwada pakhomo akulira, akufunsa chimene walakwa. Ndinamuyang'ana, khasu lili m'mwamba, ndipo ndinalibenso munthu womumenya.